Mwana Aphunzire Masamu pa Ndalama za Pakhomo

Kwa makolo a m'makomboni a m'mafamu a ku Mvurwi, Banket, Trelawney ndi Marondera

Ngati mwana wanu wa Giredi 7, Fomu 1 kapena Fomu 2 akuvutika ndi masamu, mungathe kumuthandiza ngakhale inuyo simunapite patali ndi sukulu. Mugulireni kope, ndipo akhale mlembi wa ndalama za pakhomo. Musasankhe kuti uyu ndi mtsikana kapena mnyamata.

1. Tsiku lolandira

Khalani naye pamphasa. Kumanzere alembe zolowa: malipiro, za ganyu, za ndiwo za kudimba. Kumanja alembe zotuluka: chigayo, mchere, sopo, mafuta ophikira. Aphatikize, achotsere, anene yekha zotsala. Ngati papepala la malipiro achotsapo ndalama zosamveka, kafunseni woimira bungwe la ogwira ntchito m'mafamu la GAPWUZ.

2. Fizi

Sukulu zimatsegulidwa mu Januwale, Meyi ndi Seputembala. Tiyerekeze kuti fizi ndi $24 pa teremu. Agawe ndi miyezi inayi, apeza $6 yoti muziika padera mwezi uliwonse. Awerengerenso miyezi imene ntchito ya fodya imachepa.

3. Kugolosale

Tinene kuti shuga wa makilogalamu awiri ndi $2.60, pomwe kapaketi ka magalamu 100 ndi masenti 20. Timapaketi tingati tingakwane makilogalamu awiri? Tonse pamodzi ndi ndalama zingati? Akapeza $4, aona yekha kuti kugula pang'onopang'ono kumadya ndalama.

4. Madola ndi ZiG

Ndalama ya ZiG inayamba mu Epulo 2024, ndipo mtengo wake posintha ndi dola sukhazikika. Afunse mtengo wa tsikulo, achulukitse, kenaka muyerekeze ndi zimene wogulitsa wanena.

5. Katapila

Apa musathamange. Mwabwereka $20 kwa wakatapila (wachimbadzo), pakutha mwezi akufuna $26. Chiwongoladzanja ndi $6, ndiye kuti 30 peresenti. Mukamangolipira chiwongoladzanjacho miyezi itatu, mwataya $18 koma $20 ija ikadalipo. Mwana awerengere zimenezi musanabwereke, ndipo ayerekeze ndi zimene mungapeze posonkha ndalama ku gulu la mukando.

Kumbukirani

Akalakwitsa musamukalipire, abwereze ndi timiyala kapena njere za chimanga. Muuzeni kuti zam'kopemo ndi za m'nyumba, si zokamba pachitsime. Pomwe nonse mwakanika, akafunse aphunzitsi: maperesenti ndi chiwongoladzanja adzakumana nazonso pamayeso a ZIMSEC.