Mafuta a Pansi pa Nyanja ya Malawi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi fracking n'chiyani, ndipo ikuchitika kuno kwathu?

Ndi njira yotulutsira mafuta kapena gasi amene anakanirira m'thanthwe lolimba pansi penipeni. Amabowola chitsime chakuya makilomita 2 kapena 3, n'kuchikhotetsa kuti chiyende chopingasa, kenako amapoperamo mwamphamvu madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala mpaka thanthwe litang'aluka. Mchengawo umatsalira m'ming'alu kuti isatsekeke, gasi n'kumatuluka. Chitsime chimodzi chimamwa malita mamiliyoni ambiri, ndipo madzi obwerera kumtunda sangamwe munthu ngakhale chiweto. Dziko la America lapindula nayo kwambiri njirayi, koma France anailetsa mu 2011, ndipo England anaiimitsa mu 2019 nthaka itagwedezeka ku Lancashire.

Kuno siinayambe. Yathu ndi nkhani ya mafuta amene akuganiziridwa kuti ali pansi pa Nyanja ya Malawi ndi m'madera oyandikira. Nkhawa zake n'zomwezo: madzi, malamulo ndi ntchito.

Nkhaniyi inafika pati?

Boma linagawa dziko m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa chigawo 2 ndi 3, kumpoto kwa nyanja, ndipo mkangano wakale wa malire ndi Tanzania unabukanso. Zigawo zina zinapita kwa SacOil, RAK Gas ndi Pacific Oil and Gas. Mapangano ena ogawana phindu anasainidwa kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho cha May 2014 chichitike, ndipo chaka chomwecho boma la Peter Mutharika linaimitsa ntchitoyi kuti liunikenso ziphaso. Mpaka lero Malawi sanatulutsepo mafuta ogulitsa.

Ife a ku Lilongwe nyanja ili kutali. Zikutikhudza bwanji?

Pitani kumsika waukulu ku Old Town m'mawa, mukaone milu ya usipa ndi utaka imene amayi akuyeza m'timbale. Ndiwo imeneyo imachokera ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, ndipo ndi imene ikulera ana a mabanja osauka mumzinda muno. Komanso mapaipi amene akuyalidwa kuchokera ku Salima adzabweretsa madzi a nyanja yomweyo, poti madamu a Kamuzu ku Malingunde sakukwanira anthu amene akuchulukirachulukira. Wokhala kumpanda ku Area 10 kapena Area 43 adzamwa madzi omwewo.

Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndipo otulukawo ndi ochepa poyerekeza ndi amene alimo. Mafuta atatayikira m'menemo sangakokoloke msanga. Mitundu mazanamazana ya mbuna, imene inachititsa UNESCO kuika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, sipezeka kwina kulikonse.

Koma achinyamata akusowa ntchito, ndipo tikugona pamizere ya petulo. Tikane bwanji chuma?

Funsoli ndi lolemera, ndipo wolifunsa asanyozedwe. Wakabaza amene watha tsiku lonse pamzere akudziwa kuwawa kwa dziko logula dontho lililonse la mafuta kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Komabe mafuta okumbidwa sathiridwa m'galimoto asanayengedwe, ndipo ife malo oyengera tilibe. Ntchito zambiri zimapezeka pomanga. Akamaliza, amatsala akatswiri ochepa, ambiri ochokera kunja. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, koma mitengo itagwa unaima mu 2014, antchito ambiri n'kubwerera kumudzi. Pamene tikuwerenga ntchito zolonjezedwa, tiwerengenso asodzi, okonza mabwato, oyanika nsomba ndi ogulitsa amene akudya za m'nyanja lero.

Kodi malamulo athu ndi okwanira?

Lamulo loyendetsera kufufuza ndi kukumba mafuta linalembedwa mu 1983, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wamba sankafunsidwa maganizo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi labwinopo: linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito yaikulu iunikidwe kaye mmene ingakhudzire chilengedwe ndi anthu. Vuto ndi lakuti lipoti lounikalo amalipira ndi mwini ntchito, pamene oyendera a boma nthawi zambiri zipangizo zimawaperewera.

Nanga nzika ingachitepo chiyani?

Ziphaso ndi mapangano zimasainidwa mumzinda uno, ku Capital Hill, ndipo Nyumba ya Malamulo ili pafupi pomwepo ku City Centre. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ligwiritseni ntchito. Lemberani unduna woona za migodi ndi phungu wa dera lanu, muwafunse kuti ziphaso za nyanja zili m'manja mwa yani, Amalawi adzalembedwa ntchito angati, ndipo mafuta akatayika adzalipire ndani.