CIBVOMEZI NDI NYUMBA ZATHU

Inu anthu a ku Mzimba, a ku Embangweni ndi a ku Jenda, cherani khutu. Dziko lathu likhala pakati pa zigwa ziwiri zazikuru: kum'mawa, kuseri kwa mapiri a Viphya, kuli cigwa ca Nyanja, kumadzulo kuli cigwa ca Luangwa. Zigwazi zinacitika pong'aluka matanthwe a pansi, ndipo matanthwewo akali kusuntha kufikira lero. Akasuntha modzidzimutsa, nthaka igwedezeka. Ici ndico cibvomezi, ndipo palibe munthu adziwiratu tsiku lace.

Pa 10 March 1989 cibvomezi cinapha anthu 9 ku Salima. M'mwezi wa December 2009 cinabwerezabwereza ku Karonga, nicigwetsa nyumba zambiri. Dziwani ici: kawiri kawiri copha munthu si nthaka ai, koma khoma lomgwera.

Cifukwa cace cenjerani pomanga. Khoma lalitari la njerwa zomangira dothi ligwa msanga, makamaka nsonga ija ya pansi pa denga. Kumbani maziko akuya pa nthaka youma. Lumanitsani njerwa bwino pa ngondya. Mazenera akhale ang'ono, ndiponso kutari ndi ngondya. Malata muwakhomere ndi misomali, osawatsindira ndi miyala, pakuti miyalayo idzagwera ana anu. Cigafa ca fodya cikhale patari ndi nyumba yogonamo.

Nthaka ikayamba kugwedezeka, citani motere:

1. Muli m'nyumba, gwadani, lowani pansi pa tebulo kapena kama, phimbani mutu, nimugwiritse mwendo wace. Musakanganirane pa khomo.

2. Muli pabwalo kapena kumunda, khalani poyera, kutari ndi makoma, mitengo ndi matanthwe a m'phiri.

3. Kukaleka kugwedezeka, zimani moto ndi nyali, turutsani ana ndi okalamba, nimuwerenge anthu onse a pa mudzi.

4. Musabwerere m'nyumba yong'aluka kukatenga katundu, cifukwa cibvomezi cibweranso, mwina tsiku lomwelo, mwina patapita masiku. Khoma lotsala dzulo lingagwe mawa.

5. Yang'anani nkhokwe ndi khola la ng'ombe. Madzi a m'citsime akabvunduka, muyambe mwawawiritsa musanamwe.

Mafumu ndi aphunzitsi awerengere anthu mau awa, ndipo ana ayesere kusukulu. Cibvomezi sitingathe kuciletsa, koma mamangidwe a nyumba ali m'manja mwathu.