Kusankha pikapu ya dizilo yogwirapo kale ntchito

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ena omwe apeza bwino amaganiza zogula pikapu yoti izinyamula feteleza, chimanga ndi mabelo a fodya. Ganizoli ndi labwino, koma galimoto yogula mothamanga imatha kudya phindu la zaka ziwiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yowala isakunyengeni.

Choyamba, dziwani katundu amene muzinyamula. Mapikapu monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody amanyamula pafupifupi tani imodzi. Awa ndi matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwa dalaivala ndi anthu okwera kumawerengedwa momwemo. Ya mipando iwiri, yomwe amati dabo kabu, ili ndi malo ochepa a katundu, choncho mlimi amapindula kwambiri ndi ya mpando umodzi. Ngati msewu wa kwanu umaterera nthawi ya dzinja, funani yokoka ndi matayala onse anayi.

Chachiwiri, yesani injini m'mamawa isanalizidwe. Ikakhala yotentha kale mukamafika, bwereraninso tsiku lina, chifukwa injini yotopa imavuta kulira ikazizira. Ikalira, yang'anani utsi. Utsi wakuda wambiri umasonyeza kuti mainjekita kapena sefa ya mpweya zili ndi vuto. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ukhoza kutanthauza kuti madzi akulowa m'kati. Tsegulaninso chotsekera oyilo injini ikulira: mpweya ukamatuluka mwamphamvu ngati wa mvukuto, maring'i atha. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro choti wasakanikirana ndi madzi.

Funsaninso mtundu wa injini. Zakale za Toyota monga 3L ndi 5L makaniko aliyense wa pa tauni amazidziwa, ndipo zipangizo zake sizisowa. Lamba wake wa tayiming'i amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka amaononga injini. Injini za D-4D, zomwe zili mu Hilux yomwe inatuluka mu 2005, ndi zamphamvu pokoka, koma sizigwirizana ndi dizilo wakuda kapena wosakaniza wogula m'zigubu, ndipo mainjekita ake ndi okwera mtengo.

Chachitatu, lowani kunsi kwa galimoto. Onani chasisi ngati ili ndi ming'alu, dzimbiri kapena malo owotcherera, makamaka pafupi ndi masipuling'i akumbuyo. Masipuling'i ophwatalala kapena owonjezera amaulula kuti galimotoyo inkasenzetsedwa mopitirira, monga zimachitikira ndi za matola. Matayala otha mbali imodzi amasonyeza kuti miyendo siili bwino kapena galimoto inachitapo ngozi.

Chachinayi, iyendetseni pa chitunda, ndipo ngati mwini wake walola, ikanimo matumba angapo. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Mverani ngati difu ikulira, ndipo diso likhale pa singano yosonyeza kutentha.

Ofuna kukoka ngolo aonetsetse kuti chitsulo chokokera chamangidwa pa chasisi ndi mabawuti, osati pa bampala. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu. Katundu wolemera aikidwe pamwamba pa ekiselo ya ngoloyo, mopendekera pang'ono kutsogolo. Akachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku, ndipo pamalo otsetsereka ikhoza kugwetsa galimoto.

Pomaliza, mapepala. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zalembedwa mu bulu buku, ndipo dzina la wogulitsa likhale lomwelo. Ngati galimoto yachokera kunja, onani umboni woti msonkho wa MRA unaperekedwa komanso kuti apolisi anaiona kuti si yobedwa. Kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic, osati pa kalata ya pamanja yokha.

Popita kukaona galimoto, tengani makaniko wanu, osati amene wakupatsani wogulitsa. Ndipo musathere ndalama zonse pogula. Siyani ina ya inshuwalansi, COF, matayala, oyilo ndi masefa, kuti pikapu iyambe ntchito mbewu zisanaole m'nkhokwe.