Phunziro 6: Eugène Boudin ndi Luso Lojambula Thambo, Nyanja ndi Kuwala

Cholinga

Pomaliza phunziroli, muthe kufotokoza njira zitatu za Boudin ndi kuzigwiritsa ntchito pophunzitsa ana kupenyetsetsa asanajambule.

Chiyambi

Mukauza ana kuti ajambule kunja, mumaona chiyani? Kamzere kabuluu pamwamba, dzuwa pakona, basi. Si choncho? Mwanayo wajambula zimene akudziwa m'mutu, osati zimene maso ake aona. Kuwerenga nako kumayamba ndi kupenyetsetsa.

Boudin anali yani?

Eugène Boudin anabadwa mu 1824 ku Honfleur, doko la kumpoto kwa France, ndipo anamwalira mu 1898. Bambo ake ankagwira ntchito ya pamadzi. Asanadziwike, Boudin ankagulitsa mapepala ndi mafelemu a zithunzi ku Le Havre. Wojambula mnzake, Corot, anamutcha mfumu ya thambo. Ndiyenso anakopa Claude Monet, akali mnyamata, kuti azijambulira panja.

Njira zake

1. Kutuluka panja. Ojambula ambiri a nthawiyo ankagwirira ntchito m'nyumba. Boudin ankakhala m'mphepete mwa nyanja n'kujambula mofulumira ndi choko chamitundumitundu, chifukwa mtambo sudikira munthu.

2. Kulemba nyengo. M'mbali mwa pepala ankalemba tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera. Mlembi Charles Baudelaire anaona mapepalawa mu 1859 ndipo anawayamikira kwambiri. Kwa Boudin, thambo la lero m'mawa si thambo la dzulo madzulo.

3. Kupatsa thambo malo. Pa zithunzi zake za gombe la Trouville, mzere pamene nyanja ikumana ndi thambo uli m'munsi, ndipo thambo latenga gawo lalikulu. Anthu pamchenga ndi timadontho chabe ta penti. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kumachokera kumwamba. Madzi amabwereka mtundu kwa thambo: kukachita mitambo amatuwa, dzuwa likamalowa amafiira. Thambo likalakwika, ndiye kuti nyanja yalakwikanso.

Ntchito

Musadandaule kuti kwanu kulibe nyanja kapena penti. Makala, choko ndi makatoni akale n'zokwanira.

a) Thirani madzi m'beseni lakuda, muike pabwalo. Ana aone thambo m'madzimo.
b) Kwa masiku atatu, atulutseni m'mawa ndi masana. Ayang'ane chete kwa mphindi ziwiri, pensulo ili pansi. Achenjezeni asayang'ane dzuwa lenilenilo.
c) Ajambule kwa mphindi 10, kenaka alembe tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera.
d) Pachikani zithunzizo motsatana. Funsani kuti: "Chasintha n'chiyani?"

Mwana akati mtambo wake ndi wachikasu, musafulumire kumukonza. Tulukani naye mukaone limodzi. Mwina waona bwino kuposa inu.

Dziyeseni

1. N'chifukwa chiyani Boudin ankalemba ola ndi mphepo?
2. Fotokozani mgwirizano wa mtundu wa madzi ndi thambo.
3. Ndi mawu ati a m'chinenero cha ana anu otchulira mitambo ndi mphepo amene anatuluka pa ntchitoyi? Lembani asanu, muwatumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi zithunzi ziwiri za ana.