Galimoto ya Magetsi: Kodi Ingasenze Mbewu Zathu?

Pamene ndinali pa mzere wa petulo tsiku lina, mlimi wa fodya anandifunsa ngati nkwanzeru kuti kalabu yawo isonkhe ndalama zogulira galimoto yoyendera magetsi. Funsoli ndi lofunika, chifukwa ndalama ya kalabu ikalowa pa chinthu cholakwika, chaka chonse chapita. Sabata ino ndifotokoza zinthu zitatu zoti muziganizire musanagule.

Choyamba ndi kulemera. Galimoto ya magetsi imasunga mphamvu yake mu batire, ndipo batireyo ndi yolemera kwambiri. Ndipereke chitsanzo cha Ford F-150 Lightning, yomwe inayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 2022. Batire yake yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 800, kufanana ndi matumba 16 a chimanga a makilogalamu 50. Pamene malita 100 a petulo amalemera makilogalamu pafupifupi 75, thumba limodzi ndi theka basi. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera komwe matayala ndi masipuling'i ake angapirire. Choncho batire ikatenga gawo lalikulu, gawo la matumba anu limachepa. Komanso petulo amapepuka pamene mukuyenda, koma batire imalemera chimodzimodzi, yodzaza kapena yopanda moto.

Chachiwiri ndi mtunda, makamaka pokoka ngolo. Mu 2022, magazini ya ku America yotchedwa Car and Driver inayesa galimoto yomweyi. Payokha inayenera kuyenda makilomita pafupifupi 480 batire isanathe. Atayimangirira ngolo yolemera makilogalamu pafupifupi 2,770 ndi kuthamanga nayo pa msewu waukulu, inangoyenda makilomita 160. Uwu ndi mtunda ngati wochokera ku Lilongwe kukafika ku Ntcheu. Chimene chimadya mphamvu si kulemera kokha. Ngolo yaitali imalimbana ndi mphepo, ndipo mukawonjezera liwiro, kulimbanako kumakula koposa.

Chachitatu ndi nthawi. Galimoto ya petulo nayonso imamwa mafuta ambiri ikamakoka ngolo, koma kuthira thanki ndi mphindi zisanu, ndipo mafuta ena mungathe kunyamula m'chigubu. Batire yaikulu imafuna theka la ola kapena kuposa pa makina otchajira mofulumira, ndipo pa magetsi a m'nyumba usiku umodzi sukwana. Magetsi akazima, fodya wanu agona panjira.

Sindikunena kuti galimoto zimenezi nzachabechabe. Mota ya magetsi ili ndi mphamvu yokoka kuyambira pamene yangonyamuka, ndipo potsika phiri imabweza moto wina mu batire. Simusintha oyilo wa injini kapena mapulagi. Injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, pamene mota ya magetsi imataya pang'ono.

Mlimi uja ndinamulangiza motere: lembani maulendo onse omwe kalabu inayenda chaka chatha, makilomita ake ndi matumba ake. Ngati ambiri ndi afupi, monga kutengera mkaka, mazira kapena tomato ku msika wa pa boma ndi kubwerako, ndipo muli ndi magetsi odalirika, ya magetsi ingakuthandizeni. Koma ngati ntchito yaikulu ndi kukoka mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, pakadali pano khalani ndi ya petulo kapena dizilo. Wogulitsa akakuuzani mtunda womwe galimoto imayenda, mufunseni kuti: mtunda umenewu ndi wa galimoto yopanda kanthu, kapena yosenza katundu?