Mmene amawayesera anthu odzipereka othandiza pangozi

Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ndipo akuluakulu amati napolo anadutsa. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso ngozi yotereyi. Misewu inaduka, milatho inapita ndi madzi, ndipo kwa Nkhulambe, ku Phalombe konko, kunakhala kosafikika pagalimoto.

Pa nthawi yotere ambulansi sifika. Woyamba kugwira wovulala amakhala mnansi wake. N'chifukwa chake m'midzi muli makomiti oona za ngozi, omwe amagwira ntchito ndi khonsolo ya boma komanso nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA. Bungwe la Red Cross ndi mabungwe ena amaphunzitsa ena mwa anthuwa chithandizo choyamba. Ndi ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro. Komabe munthu amene adzagwire bala la mwana wanu ayenera kuyesedwa kaye.

Mayeso ake aakulu si a cholembera ayi, ndi a manja. Amene sadziwa bwino kulemba akhoza kukhoza, ndipo wa satifiketi ya Fomu 4 akhoza kulephera.

Kawirikawiri amachita kuyeserera ngozi. Tiyerekeze kuti tili pabwalo la sukulu. Mayi wina wagona pansi, mwendo wapakidwa utoto wofiira ngati wadulidwa ndi lata. Woyesa waima pambali ndi pepala, sakuyankhula. Choyamba chimene akuyang'ana si bala, koma mapazi a wodziperekayo. Kodi wangothamangira, kapena wayamba waima n'kuona ngati khoma silimugwera, ngati madzi sakubwera? Wothandiza akavulala, ovulala akhala awiri.

Kenaka agwade n'kuitana: "Amayi, amayi, mukundimva?" Akayankha, ndiye kuti akupuma. Avale magolovesi, ngati palibe, jumbo yoyera ithandiza. Atenge nsalu yoyera, apsinje pabala mwamphamvu, osasiya. Ambiri amalakwa pano. Amatukula nsalu kuti asuzumire ngati magazi aleka, ndiye magazi amayambiranso. Nsalu ikanyowa sachotsa, amasanjikiza ina pamwamba. Woyesa amamvetseranso pakamwa pake. Kukuwa kuti "Thandizeni!" sikukwanira, chifukwa pagulu aliyense amadikira mnzake. Aloze munthu mmodzi: "Achimwene inu, thamangani mukaitane wa kabaza."

Munthu amene wakomoka koma akupuma amamugoneka cham'mbali, kuti masanzi asamutsamwe. Sampatsa madzi kapena phala. Ngati sakupuma, amapsinja pakati pa chifuwa ka 30, kumupumira mkamwa kawiri, n'kubwerezanso. Izi amayeserera pa chidole, osati pa munthu wamoyo. Woyesa amaona ngati mikono yawongoka, ngati chifuwa chikulowadi, ndiponso liwiro: kupsinja ka 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi. Ndi ntchito ya thukuta.

Palinso kunyamula. Mitengo iwiri yolimba ndi bulangete zimapanga machila. Mwendo wothyoka amaumangirira ku thabwa asananyamule, ndipo sayesa kuuwongola.

Za madzi ndiye zovuta, chifukwa mtima umafuna kudumphira. Woyesa amaika chingwe, nsungwi yaitali ndi chigubu chotseka bwino, n'kunena kuti mwana akukokoloka. Wokhoza ndi amene waponya chingwe kapena chigubu ali pamtunda, atapondetsa bwino. Amene wayamba kuvula malaya kuti alowe walephera, ngakhale atakhala katswiri wosambira ku nyanja ya Chilwa. Madzi otsika m'phiri amabwera ndi miyala ndi zitsa.

Mafunso ena ndi apakamwa. Munthu walumidwa ndi njoka, mutani? Yankho ndi losatema mphini, losayamwa, losamanga chingwe chothina. Mwendo usagwedezeke, munthu anyamulidwe kupita kuchipatala. Mwana wapsa ndi phala? Madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati mazira kapena mankhwala otsukira mano. Mayankho amenewa amatsutsana ndi zimene ambiri tinakulira nazo, n'chifukwa chake woyesa amawabwereza. Amafunanso kumva wodziperekayo akunena pomwe nzeru zake zathera. Iye si dokotala. Sabaya jekeseni, sasoka bala. Ntchito yake ndi kusunga moyo mpaka wovulala afike kwa a zaumoyo.

Chenjezo nalonso limayesedwa. M'mitsinje ina munaikidwa mitengo yoyezera madzi ya mitundu itatu. Madzi akakhala pobiriwira zili bwino, pachikasu konzekani, pofiira thawani. Wodzipereka adziwe woti amuimbire foni, nthawi yoimba wezulo kapena kulengeza pa chimkuzamawu, ndi njira yopita kumalo okwera. Apa woyesa amafunsa funso limene mlendo sangayankhe: "M'mudzi muno ndani sangathe kuthawa yekha?" Wodzipereka weniweni amatchula nyumba ndi nyumba: agogo okhala okha, mayi woyembekezera, mwana wolumala.

Wolephera sathamangitsidwa. Amamuonetsa pomwe walakwa, n'kubwerezanso. Wokhoza nayenso asamasuke, poti manja amaiwala. Nthawi yabwino yobwereza ndi Okutobala kapena Novembala, mvula isanayambe. Nthawi yomweyo aonenso zida. Bokosi la zida likakhala lopanda mabandeji, kapena tochi ilibe mabatire, mlandu si wa wodzipereka. Komiti ikanene kwa amfumu ndi ku khonsolo.

Pali zina zimene pepala la woyesa silingaone. Kodi munthuyu amapezeka usiku, kapena amakhala ku mowa? Amasunga chinsinsi cha wodwala? Chithandizo chikabwera, amayamba abale ake? Kodi pagululo pali amayi, oti mayi mnzawo wovulala amasuke nawo? Izi amadziwa ndi eni mudzi, ndipo malo ozinenera ndi pamsonkhano wa mudzi, mayina asanapite ku maphunziro.

Kambiranani: m'mudzi mwanu ndani anaphunzira chithandizo choyamba, ndipo anayesedwa komaliza liti?