Kaundula Mmodzi M'malo Atatu

Chaka chatha aphunzitsi anandisankha kuti ndikhale mmodzi wa ana atatu oyang'anira mabuku a m'laibulale ya sukulu yathu. Popeza laibulale imatsekedwa dzuwa likapendeka, tinapangana kuti tikhale ndi akaundula atatu: wina m'laibulale momwemo, wina ku nyumba yogona anyamata, ndi wina ku nyumba yogona atsikana. Mwana akafuna kubweza buku madzulo, ankalipereka kwa woyang'anira wa kwawo, ndipo Lachisanu lililonse atatufe tinkakhala pansi ndi kufananitsa zolemba zathu.

Tsono tsiku lina Lachitatu mnyamata wina wa Fomu 1 anaitanidwa ku ofesi, namuuza kuti alipire buku la jogalafe limene, monga mwa kaundula wa m'laibulale, anali asanabweze. Mwanayo analira, nati analibweza Lolemba usiku. Ndinathamanga kukatenga kaundula wanga, ndipo zoonadi dzina lake linalimo, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Panalibe wonama pa mlandu umenewu. Kaundula wa m'laibulale sanali wabodza ayi, koma anali wotsalira m'mbuyo masiku awiri.

Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo nditafotokozera aphunzitsi athu a kompyuta, iwo anaseka nati, "Vuto lakolo ndi lomwenso limasautsa makompyuta aakulu a dziko lonse." Kotero ndifuna kukuuzani, anzanga, zimene ndinaphunzira kuchokera tsiku limenelo.

Chifukwa ninji kusunga chinthu chimodzi m'malo ambiri?

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, makina amawonongeka. Magetsi akazima kapena nyumba ikapsa, zonse zosungidwa m'kompyuta imodzi zitha kutayika, koma ngati zinalembedwanso kwina zimapulumuka. Chachiwiri ndicho mtunda. Uthenga woyenda ngati kuwala m'zingwe zagalasi za intaneti umathamanga pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku Johannesburg kufika ku London pali makilomita pafupifupi 9,000, ndiye kuti kupita ndi kubwera kumatenga mamilisekondi osachepera 90, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Wina angati nthawiyi ndi yochepa, koma tsamba limodzi la pa intaneti limafunsa mafunso ambirimbiri, ndipo kuchedwako kumaunjikana. Chifukwa chake eni makina amaika zolembedwa zofanana pafupi ndi anthu a dera lililonse.

Mapanga awiri avumbwitsa

Tsopano tiganize kuti chingwe cha pakati pa mizinda iwiri chaduka, monga momwe ife sitinkatha kupita ku laibulale usiku. Munthu wabwera kwa kompyuta ya mumzinda umodzi kuti asinthe kanthu. Kompyutayo ili ndi njira ziwiri zokha. Itha kukana, niti, "Dikirani ndiyambe ndamvana ndi mnzanga." Potero zolembedwa zonse zikhala zofanana, koma munthuyo abwerera wosathandizidwa. Kapena itha kuvomera, ndipo munthuyo athandizidwa, koma makompyuta awiriwo adzakhala akunena zosiyana kwa kanthawi.

Mu 2000 Eric Brewer wa ku University of California, Berkeley, ananena kuti pamene chingwe chaduka sikutheka kukhala nazo zonse ziwiri, kufanana ndi kuthandiza anthu nthawi zonse. Mu 2002 Seth Gilbert ndi Nancy Lynch a ku MIT anatsimikiza mawuwo ndi masamu, ndipo lamuloli limatchedwa CAP theorem.

Amene asankha njira yachiwiri ija amalonjeza chinthu chimodzi: ngati anthu aleka kusintha zolembedwazo, makompyuta onse adzafika ponena chimodzimodzi pambuyo pake. Lonjezo limeneli pa Chingerezi amati eventual consistency. Taonani kuti silinena tsiku kapena ola. Lathu linali bwinoko, pakuti tinkadziwa kuti ndi Lachisanu.

Chitsanzo chimene tonsefe timagwiritsa ntchito osadziwa ndicho DNS, kaundula wamkulu wa mayina a pa intaneti, amene Paul Mockapetris anakonza mu 1983. Mwini dzina akasintha keyala yake, makompyuta ena amasungabe keyala yakale kufikira nthawi imene anapatsidwa itatha, ndipo pamenepo amakafunsanso.

Makina amagwirizana bwanji?

Njira imodzi inandiseketsa. Mu 1987 akatswiri a ku Xerox PARC ku California analemba za njira imene kompyuta iliyonse imasankha inzake mwachisawawa ndi kuiuza zatsopano, ndipo inzakeyo imauzanso ina. Njira zotere amazitcha gossip, ndiko kuti miseche. Aliyense wogona m'nyumba ya anyamata adziwa kuti nkhani yonong'onezana pa chakudya cha m'mawa imakhala itafika kwa onse belu la masana lisanalire.

Koma chovuta chenicheni chimadza pamene anthu awiri asintha chinthu chimodzi m'malo awiri. Makina ena, monga Cassandra imene inayambira ku Facebook, amangotenga cholembedwa chimene chili ndi nthawi yomalizira, nataya chinacho. Njirayi ndi yapafupi, koma mawotchi a makompyuta sagwirizana ndendende, kotero cholembedwa chabwino chitha kutayika popanda wodziwa. Kale mu 1978 Leslie Lamport anasonyeza kuti makina atha kudziwa chimene chinatsogola ndi chimene chinatsatira mwa kuwerenga manambala okwera pa uthenga uliwonse, osadalira wotchi.

A kampani ya Amazon anachita mwina. Mu 2007 anafotokoza za makina awo otchedwa Dynamo, amene ankasunga dengu la katundu amene wogula wasankha. Iwo sanafune kuti wogula akanizidwe kuika kanthu m'dengu ngakhale makina ena atafa. Madengu awiri akasiyana, ankawaphatikiza. Chotsatira chake chinali chakuti kanthu koikidwa m'dengu sikankatayika, koma nthawi zina kanthu kamene wogula anachotsa kankabwereramo. Anaona kuti kuvuta kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kutaya malonda.

Masamu ake ndi a Fomu 1

Pali kawerengero kakang'ono kothandiza. Tinene kuti makompyuta ali 3. Ngati polemba tidikira kuti 2 avomere, ndipo powerenga tifunsa 2, ndiye kuti 2 kuphatikiza 2 ndi 4, ndipo 4 aposa 3. Chotero mwa awiri ofunsidwawo, mmodzi ndithu adzakhala wa aja analandira cholembedwa chatsopano. Lamulo lake ndi ili: olemba ndi owerengedwa pamodzi apose chiwerengero cha onse. Koma mtengo wake ndiwo kudikira, ndipo makompyuta awiri akasowa ntchito imaima.

Pamenepa m'pamene ndinaona cholakwa chathu. Ife tinkalemba mwa kaundula 1, ndipo ofesi inkawerenga kaundula 1. Kuphatikiza ndi 2, ndipo 2 saposa 3. Mlandu wa mwana uja unali kungodikira tsiku lake.

Si ponse pamene njirayi iyenera

Ngati anzanu awiri aona chiwerengero chosiyana cha anthu okonda chithunzi chanu pa Facebook kwa masekondi owerengeka, palibe wovulala. Koma mpando womalizira wa m'ndege sungagulitsidwe kwa anthu awiri. Pa zinthu zotere nkwabwino kudikira. Mu 2012 a Google anafotokoza za makina awo otchedwa Spanner, amene amagwiritsa ntchito mawotchi a atomu ndi GPS, ndipo amadikira pang'ono asanatsimikize cholembedwa. A Amazon nawonso, mu Disembala 2020, anasintha nkhokwe yawo yotchedwa S3 kuti munthu akalemba kanthu azikapeza pomwepo powerenga.

Ife tinasintha motere. Kubweza buku usiku sitinaletse, pakuti kumathandiza ana ambiri, ndipo timalembabe mwa kaundula mmodzi. Koma tinapempha aphunzitsi kuti mwana asalipitsidwe kufikira akaundula onse atatu ataonedwa, pakuti 1 kuphatikiza 3 ndi 4. Iwo anavomera, ndipo kuyambira pamenepo palibe mwana wina amene walira ku ofesi chifukwa cha buku lobweza kale.

Mnyamata uja ndinamupepesa, ndipo chaka chino iye ndiye wosunga kaundula wa ku nyumba ya anyamata. Inu amene mudzasankhidwe pambuyo pathu, musanatsutse mnzanu ndi cholembedwa, yambani mwafunsa kuti chinalembedwa liti, ndiponso ngati palibe kaundula wina amene simunamuone.

Mnyamata wa Fomu 4